Sinki ya Mayi Triffie

Tuck's Island, Newfoundland
9 Januwale 1995

Dulcie mwana wanga,

Moni kumeneko ku Alberta. Uli bwanji iwe ndi amuna ako a Wince? Chifuwa chija chinawasiya? Undiuze. Ine ndili bwino, kupatula makutuwa, omwe injini za maboti zinadya kalekale. Telefoni ikalira ndimangoona mphaka akudzidzimuka, ndiye usataye nthawi kuyimba, uzilemba.

Pa Khirisimasi ndinapita ku Corner Brook kukaona amayi ako kuchipatala. Sitiroko ija inawatengera dzanja lamanja ndi mwendo wake, koma lilime lokha lilipo lonse: anandinena za malaya osasita pamaso pa anamwino atatu. Adokotala akuti kuyenda ndiye ayi, akhala apachikuku. Pachipatalapo pali Mayi Hynes, amene amayendera nyumba za odwala asanawatulutse. Kuno abwera pa 14 Malichi. Akapeza kuti munthu wa pachikuku angathe kudzisamalira m'nyumba muno, amayi ako abwerera kwawo. Akapeza kuti ayi, awapititsa kunyumba ya okalamba kutauni komweko. Ukudziwa wekha kuti wolowa kumeneko pachilumba pano sitimuonanso.

Masitepe a pakhomo ndachotsa, ndaika matabwa otsetsereka. Khomo la kubafa ndakulitsa. Chatsala ndi kabati ya sinki ija ndinakhoma chaka chomwe unabadwa. Munthu atakhala pachikuku maondo amagunda zitseko zake, pampopi sangafike. Ndaizula dzulo. Inakhala pamenepo zaka makumi atatu ndi zinayi, koma kuichotsa sikunathe ndi theka la ola lomwe. Ndinayamba ndakhala pansi kaye, mtima unandiwawa.

Ndikhoma ina yopanda zitseko, yoti maondo azilowa pansi. Mayi Hynes anandipatsa pepala la masentimita, koma pepala limayeza munthu aliyense, pamene ine ndikufuna muyeso wa Triffie, amayi ako. Maboti onse aja ndinakhoma popanda pepala, palibe linamira.

Ndiye ndithandize. Iwe ndi amayi ako ndinu amsinkhu umodzi, madiresi munkabwerekana. Khala pampando wa kukhitchini, uike pilo mmodzi pansi pako, a Wince atenge chingwe akuyeze. Kuchokera pansi kufika pamwamba pa bondo, amange mfundo. Kufika pachigongono, mfundo ina. Kuchokera kumsana kufika kunsonga ya bondo, ina. Kenako utambasule dzanja lamanzere, kuchokera paphewa mpaka kuzala, yomaliza. Chingwecho uike mu envulopu unditumizire.

Amayi ako usawauze. Ndikawalonjeza za kwawo, Mayi Hynes n'kudzakana, ndiye kuti ndawapha ndine.

Bambo ako,
Hedley


Tuck's Island
21 Januwale 1995

Dulcie,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino nonse. Chingwe chija chili kuti? Kapena ku Alberta kulibe zingwe? Matabwa a paini aja ndinasunga kudenga kwa shedi ndatsitsa, ndapala kale, akungodikira muyeso. Kuchipatala sindingakafike kukawayeza eni ake, nyanja yaundana ndi chisanu, ndiye muyeso wako ndi womwewo. Masiku akutha, mwana wanga, sindikufuna tsikulo lidzandipeze ndisanamalize. Amayi ako asadziwe kanthu.

Bambo ako


Fort McMurray, Alberta
30 Januwale 1995

Ababa,

Moni ndikupatsani chifukwa munandilera basi. Kuyambira Novembala simunandilembere ngakhale kalata imodzi, lero yoyamba kufika ndi ya mizere isanu ndi umodzi, yofunsa chingwe cha muyeso wa amayi. Mwati chingwe "chija". Chija chiti? Mukuganiza kuti sindikudziwa?

Ndinakulira mushedi mwanumo. Munthu akamwalira pachilumbapo, amene ankatenga chingwe kukamuyeza ndi inu. Mumange mfundo kumutu, mfundo m'mapewa, mubwere mutsitse matabwa a paini kudenga, mawa lake bokosi latha. Agogo munawayeza choncho, amalume a Cecil choncho. Matabwa amenewo sindinaonepo mukutsitsira chinthu china.

Nditawerenga ndinathamangira pafoni ndili ndi epuloni ya kuntchito, ndikulira ngati mwana. Namwino akuti, "Mayi Keeping? Angomaliza kumene kudya, pano akukangana ndi ife kuti tiyi wathu ndi madzi otsukira mbale." Munthu akudya, akukangana, inu mukumupalira matabwa! Ndiponso mukufuna mundiyeze ine, mwana wanu, m'malo mwawo. Ababa, zoona?

Ndinayimbira azakhali a Nina. Akuti masabata awiri tsopano mukudzitsekera m'nyumba, kutchalitchi simukuoneka, munthu akagogoda simutsegula, chomwe chikumveka ndi kupala matabwa basi.

Ndikuuzani mosabisa zomwe ndachita, kuti musadzamvere kwa ena. Ndalankhula ndi Mayi Hynes a kuchipatala. Ndawauza kuti mutu wanu sukuyenda bwino chichokereni amayi, ndipo asayerekeze kuwapereka m'manja mwanu. Wince akufunsafunsa malo kunyumba ya okalamba yakuno. Kuli bwino akhale pafupi ndi ine kusiyana n'kubwerera kwa munthu amene wawaika kale m'manda mumtima mwake.

Chingwe sinditumiza. Ndakwiya, ndiponso ndili ndi mantha ndi inu. Ndiyankheni.

Dulcie


Tuck's Island
8 Febuluwale 1995

Dulcie mwana wa mlongo wanga,

Moni, moni. Kuno tili moyo, ngakhale chisanu chake n'chothyola mano. Kumeneko bwanji? Khala pansi kaye usanapitirize, chifukwa iwe ndi ine tapalamula.

Utandiyimbira muja sindinagone bwino masiku atatu. Lachinayi ndinati ayi, Hedley ndi mlongo wanga, kaya wapenga ndikamuonere ndekha. Ndinanyamula buledi wotentha ngati chonamizira. Kugogoda, zii. Ndinali nditaiwala kuti munthuyo ndi gonthi, mwina anthu onse aja ankati sawatsegulira ankangogogodera mphaka. Ndinangokankha chitseko.

Mayo ine! Ndinampeza kubafa, atakhala pachikuku chakale chija cha kuholo ya tchalitchi, dzanja lamanja atalimangirira pamimba ndi lamba wa buluku, sopo ali mbuu kumaso, akuvutika kutsegula mpopi ndi lamanzere. Buledi anagwa. Ndinakuwa kuti, "Achimwene, mwatani kodi?"

Iye osadzidzimuka n'komwe. Akuti, "Nina, wabwera bwino. Ndiwe wamfupi kwambiri komanso wonenepa, koma khala apa tione."

"Ndikhale kuti, m'bokosi?"

"Bokosi lanji, iwe?"

Mwana wanga, palibe bokosi. Akukhoma poika sinki, poti amayi ako azilowetsa maondo ali pachikuku. Masiku onsewa wakhala akudzimanga dzanja, kuyesa kusamba ndi kutsuka mano ngati Triffie, kuti aone pomwe sopo akuthawira, pomwe chigongono chikugunda. Matabwa a paini anatsitsa chifukwa ndi okhawo ouma bwino amene ali nawo. Kusitolo ya matabwa apita bwanji nyanja ili gwaa? Akuti zonse anakulembera pa 9 Januwale. Ndakafunsa kupositi. Thumba la sabata imeneyo linakwera sitima, sitima inabwerera panjira chifukwa cha madzi oundana, thumbalo linangokhala padoko. Kalata yachiwiri inakwera helikopita yobweretsa mankhwala, n'chifukwa chake inayamba kufika.

Ndinaseka mpaka kukhala pansi pabafa. Koma kuseka kunatha Loweruka, pomwe sitima inaboola n'kubweretsa makalata awiri, yako ndi ya Mayi Hynes. Yako anawerenga ataimirira, anaipinda bwinobwino, anaiika m'thumba la malaya. Ya Mayi Hynes ikuti ulendo wa pa 14 Malichi auimika kaye, poti a pabanja adandaula. Ndinati, "Achimwene, nenani kanthu." Anangoti, "Mwana akuteteza amake, walakwa chiyani?" Anatenga chopalira n'kubwerera kushedi. Chakudya chomwe ndinamusiyira ndinachipeza mawa lake chili chomwecho.

Mlandu wina ndi wanga. Ndinakuuza za phokoso la matabwa ndisanaone ndi maso, pakamwa pangapa padzandiphetsa. Koma foni ya kwa Mayi Hynes unayimba ndiwe, ndipo woikonza ndiwe. Chita changu, Malichi sali patali.

Azakhali ako,
Nina


Fort McMurray
15 Febuluwale 1995

Ababa anga,

Muli bwanji? Mukudya? Chonde muzidya.

Kalata yanu ya pa 9 Januwale yafika Lolemba, tsiku limodzi ndi ya azakhali. Ndaiwerenga kanayi. Manyazi amene ndili nawo sindikudziwa kuti ndiwaike pati. Inu mukudzimanga dzanja kuti mumve zomwe amayi akumva, ine ndikukuneneza kwa anthu kuti mwapenga. Pepani, ababa. Ndalakwa kwambiri.

Chingwe ndi ichi. Wince wandiyeza kawiri, ulendo woyamba ndinkalira ndiye mapewa ankagwedera. Mfundo ya dzanja ndaipaka utoto wa zikhadabo kuti musaisokoneze. Kumbukirani kuti amayi amakhala mowerama pang'ono kuposa ine, muchotseko zala ziwiri.

Mayi Hynes ndawayimbira katatu. Ndawawerengera kalata yanu yonse pafoni, mpaka za malaya osasita. Anaseka, koma akuti mawu amene alowa m'faelo satuluka ndi foni. Avomera kubwera pa 14 pomwe paja, kungoti tsopano sadzaona nyumba yokha, adzaonanso inu ngati mutu uli bwino. Adzakufunsani mafunso achibwana. Chonde, ababa, ndikukudziwani, musadzawayankhe mwamwano. Muvale kothandizira kumva kaja munakaponya m'dirowa, ngakhale kamalira ngati udzudzu.

Za malo akuno ndamuuza Wince asiye. Mukandiyankha ndidzathokoza, mukapanda kuyankha ndidzamvetsa.

Mwana wanu,
Dulcie


Tuck's Island
15 Malichi 1995

Dulcie mwana wanga,

Moni. Ndachedwa kuyankha mwezi wathunthu, usaganize kuti ndi sitima. Ndinali ndisanapeze mawu. Kalata yako ija inandilasa, sindinama. Anthu oposa makumi asanu ndawakhomera mabokosi pachilumba pano, ndipo sindinayambe ndayezapo munthu akupuma. Koma ndinaganiza: amene anakuphunzitsa kuti chingwe ndi paini ndi maliro ndani? Ndine ndemwe. Ndiponso munthu wolemba mizere isanu ndi umodzi ngati akulipira liwu lililonse asadabwe akamvedwa molakwa. Basi yatha imeneyo, tisaibwerezenso.

Chingwe chako chinagwira ntchito. Thabwa la pamwamba ndinatsitsa zala zitatu kuchoka pomwe ndinkaganiza. Sinki ndi yomwe ija, ndangoisendeza kutsogolo. Mpopi wozungulitsa ndachotsa, ndaika wa chogwirira chachitali kumanzere, woti ungokankha ndi chikhatho. Paipi yotaya madzi ndaikulunga ndi chingwe cha boti kuyambira pamwamba mpaka kukhoma, chifukwa mwendo wa amayi ako sukumva, madzi otentha angawawotche iwo osadziwa. Kumanzere kuli madirowa awiri osaya. Penti ndapaka katatu.

Mayi Hynes anafika dzulo ndi sitima ya m'mawa, ali ndi chizungulire chifukwa cha mafunde. Kaudzudzu kako ndinavala. Nina anabwera yekha osaitanidwa, atavala chipewa cha kutchalitchi, kuti akhale mboni. Mayiyo anandikhazika kukhitchini. Lero n'lachingati? Ndinanena. Tili chaka chanji? Ndinanena. Akuti ndiwerenge chobwerera kuchoka pa handiredi, ndizichotsa seveni seveni. Ndinafika pa sikisite-faifi, Nina akunong'ona manambala olakwa kumbuyo kwanga, mpaka mayiyo anati, "Mayi, inu ndidzakuyezani tsiku lina." Mwano sindinachite, ngakhale unafika pakhosi.

Kenako anakhala pachikuku, anaika dzanja lamanja m'thumba la jekete, nayamba kudziyendetsa kuchokera panja. Pakhomo analowa. Pakanjira ka m'nyumba anakhota. Kubafa maondo analowa pansi pa sinki osakhudza kanthu. Anatsegula madzi otentha, anawasiya nthawi yaitali, n'kugunditsa bondo papaipi. Akuti, "Chingwechi anakuuzani ndani?" Ndinati palibe, paipi ya utsi m'boti timaitero. Analemba m'buku mwake.

Cholakwa anapeza chimodzi. Pokoleka thaulo ndinasiya kumanja, pomwe pakhala zaka zonsezi. Masabata asanu ndi atatu ndikudzimanga dzanja, thaulo ndinkangolikoleka paphewa, osaganiza. Ndinati basi zatha. Iye anati, "A Keeping, tiyi wanga akadali wotentha." Ndinamva. Asanamalize kapu ndinali nditasamutsa kale.

Pokwera sitima sanalonjeze kanthu. Akuti akakambirana ndi adokotala, atilembera. Koma anandifunsa ngati pepala la masentimita lija ndinaligwiritsa ntchito, ndinati eya, ndinayatsira mbaula. Nina anandiponda phazi. Mayiyo anaseka mpaka kutsokomola, ndiye ndili ndi chiyembekezo pang'ono.

Tidikire. Upereke moni kwa a Wince, uwauze kuti mfundo zawo n'za munthu wakumtunda koma zinagwira.

Bambo ako,
Hedley


Tuck's Island
6 Epulo 1995

Dulcie,

Ndine amayi ako. Ndikulemba ndi lamanzere, ukalephera kuwerenga ndi zako. Uli bwanji? Ukunenepa kapena ukuonda? Palibe amene akundiuza zoona.

Ona pamwambapo pomwe ndalemba malo. Ndili kwathu. Ndinafika Lolemba. Amuna anayi anandinyamula ndi chikuku chomwe kunditsitsa m'sitima ngati mbiya ya nsomba, chilumba chonse chili padoko. Nyumba ndinaipeza yauve, makatani sanachapidwe chichokereni ine, mphaka wanenepa ngati nkhumba. Nina wandiuza zonse zomwe munachita atatu inu. Nonse ndinu zitsiru, ndipo ndimakukondani.

Lachiwiri m'mawa ndinalowa kubafa ndekha n'kutseka chitseko. Miyezi isanu ndakhala ndikupukutidwa kumaso ndi atsikana osawadziwa, abwino ndithu, koma nsalu yake yozizira ndipo amathamanga. Ndinatsegula madzi ndekha. Ndinasamba kumaso ndekha, m'khosi, kuseri kwa makutu, mosafulumira.

Nditadzutsa mutu ndinakumana ndi galasi. Bambo ako analitsitsa kuti lilingane ndi ine. Kuchipatala magalasi onse ali m'mwamba, a anthu oimirira, ndipo palibe anandipatsapo lam'manja. Tsopano ndadziwa chifukwa chake. Mbali yamanja ya nkhope yanga inagwa, mwana wanga. Mlomo unapotokera pansi, diso likulefuka. Aliyense ankadziwa kupatula ine.

Ndinalira kwambiri. Nditatuluka ndinawapeza bambo ako ataima pakhomo pa bafa ndi sikuludiraiva m'manja. Akuti, "Triffie, ndinaganizaganiza za galasilo. Ukafuna ndilikweza pompano." Ndinati, "Hedley, iwe wakhala ukuiona nkhope imeneyi kuyambira Novembala?" Akuti eya. Ndinati, "Ndiye n'kumandikhomerabe sinki?" Akuti, "Nanga ndikanakhomera ndani?"

Ndawauza kuti galasi alisiye pomwepo.

Tsopano mvera. Ndalama usatumize, maluwa usatumize. Pita kusitolo yaikulu yakwanuko undigulire lipisitiki. Osati yotuwa ija ya azimayi a kwaya, ndikufuna yofiira kwambiri. Kupaka ndi lamanzere pamlomo wokhota kufuna kuphunzira, ndiye ugule ziwiri, yoyamba ithera poyeserera. Lamulungu loyamba la Meyi ndikupita kutchalitchi, ndipo ndauza kale abusa achotse benchi yakutsogolo, ndikakhala pamenepo.

Dzanja latopa.

Amayi ako,
Triffie